Belu Lopanda Mwini

Pa kampani ija yomanga makompyuta akuluakulu, aja opanda sikirini, ongokhala m'mashelefu n'kumang'ung'udza ngati njuchi, pali mayi wina amene aliyense amamudziwa kuti a Dikirani. Si dzina la pa chiphaso ayi. Linachokera ku chala. Ukafika pa desiki pawo ndi nkhani yako yotentha, iwo satembenuka. Amangokweza chala chimodzi m'mwamba, "Dikirani," maso ali pa galasi. Bwana wadikirapo. Wobweretsa tiyi wadikirapo mpaka tiyi kusanduka madzi a m'chithaphwi. Akuti ngakhale bambo a kunyumba, telala wofatsa uja, tsiku limene anabwera kudzanena za chikondi anaimitsidwa pakhomo ndi chala chomwecho, chifukwa mtsikana anali mkati mophwasula wailesi.

Anabadwira m'nyumba ya munthu wokonza mawotchi, ndipo anakulira pansi pa tebulo, kutola tizitsulo timene tinkagwa. Ana anzawo akusewera panja, iwo ankakhala chete kumvetsera mawotchi a eni ake akutsutsana za nthawi. Kusukulu ankayankha mochedwa, aphunzitsi atayamba kale kufunsa wina, koma yankho likatuluka silinkafuna kukonza. Ku koleji anaphunzira zinthu zoti ukafunsa dzina lake lokha mutu umayamba kuwawa. Anakwatiwa, anabereka mwana mmodzi, ndipo mwanayo anaphunzira msanga kuti kulira sikuthandiza, bola kuima pamene amayi akuona.

Tsono choseketsa n'chakuti munthu wodana ndi kusokonezedwa chonchi, ntchito imene amadyera ndi ya zosokoneza zokhazokha.

Mkati mwa kompyuta muli kachitsulo kotchedwa purosesa, kakang'ono ngati bisiketi. M'kabisiketi kameneko muli mitu yambirimbiri, mutu uliwonse ukuganiza zakezake nthawi imodzi, ngati matelala odzaza m'shopu, aliyense pa makina ake. Wogawa ntchito kwa mitu imeneyi ndi pulogalamu ina, kapitawo wa mapulogalamu onse, imene eni ake amaitcha kenelo. Ndi m'mimba mwa kenelo m'mene a Dikirani amakhala tsiku lonse. Mutu uliwonse uli ndi kamita kake, kofanana ndi ka magetsi, kowerenga ntchito imene mutuwo wagwira. Kamita kakadzaza kamaliza belu. Belu limeneli silikanidwa, silinena kuti "ndibwerenso mawa". Likalira, mutu umasiya chilichonse, ngakhale chili pakamwa, n'kufunsa kuti wandiitana ndani. Ukapeza kuti ndi kamita, umaona pamene ntchito inafika, umabweza kamita kumbuyo, n'kubwerera ku zimene umachita. Potero anthu amadziwa pamene kompyuta ikutaya nthawi. Ndipo zonsezi, abale, zimachitika kambirimbiri diso lisanaphethire, pa mitu yonse, popanda wina kuponda mnzake phazi. Amene amaonetsetsa kuti asapondane ndi mayi wa juzi yothothoka m'zigongono uyu, amene amaiwala ambulera m'basi.

Koma pali kenanso. Belu lomwelo ndi limene makina amaliza akamva kuwawa m'thupi, memori, muja makina amasungamo zimene akuganiza, ikayamba kuwola kapena waya akapsa. Ndiye belu likalira, timamita tonse n'kukana kuti "si ine", kenelo amaganiza kuti chitsulo chadwala. Makina a pa kampaniyi anawauza kuti zikatero aime pomwepo, kusiyana n'kupitiriza kuwononga zinthu za anthu. Amangosiya mawu pang'ono kuti belu lalira lopanda mwini, mwina chitsulo chawonongeka, kenako zii.

Chaka china makina atsopano, oyembekezera kupita kwa kasitomala, anayamba kufa chonchi. Lero awa, mawa aja, opanda dongosolo. Ndipo amene anawamanga, amene analowetsa memori ndi kumanga masikuluwu, anali mlamu wawo wa a Dikirani, mng'ono wa telala. Bambo wa ndevu zake, wa mkazi ndi khanda, amene anakhala nthawi yaitali akuyenda ndi mafayilo m'maofesi osapeza kanthu, mpaka a Dikirani anamulankhulira kwa bwana. Iwo salankhulira munthu wamba. Ichi chinali choyamba, ndipo anthu amati chomaliza.

Bwana, amene amavala tayi ngakhale Loweruka, anawerenga mawu a makina akufawo n'kumva chimodzi chokha: chitsulo. Anaitana a Dikirani.

"Mayi, makina anena okha. Chitsulo. Wogwira chitsulo pano ndani?"

"Anena kuti mwina, bwana."

"Mwina wakeyo ndi wa ulemu chabe. Sabata ino ikatha zili chomwechi, mlamu wanu azipita. Ndinamulemba chifukwa cha inu, musaiwale."

Nkhani inafika kunyumba iwo asanafike. Apongozi, mayi ake a telala ndi mlamu, amakhala nawo pabwalo limodzi, iwo ndi banja la mlamuyo, ndipo makutu awo amamva ngakhale zonong'onezana za m'basi. M'mawa mwake a Dikirani akupaka batala pa buledi, apongozi anakhala moyang'anizana nawo, manja atapinda pa chifuwa.

"Amake mwana, ndifunse nawo. Munamutengera mwana wanga kuntchito kwanu kuti akadye, kapena kuti akadyedwe?"

"Ndikufufuza, amayi."

"Kufufuza! Kodi si inu amene mumawauza makinawo zoti anene? Auzeni anene zina. Mwana wanga ali ndi khanda."

Telala anayesa kulowererapo. "Amayi, zinthuzi sizili ngati..."

"Iwe soka mabatani. Ndikulankhula ndi wophunzira."

A Dikirani anameza buledi ngati akumeza sopo. Chala chija sichigwira ntchito pa apongozi. Anayesapo kamodzi kalekale, ndipo nkhani yake imakambidwabe.

Kuntchito anakakhala m'chipinda cha makina, chozizira ngati m'firiji, atavala juzi ziwiri. Choyamba analumikiza sikirini, n'kuuza kenelo kuti azilembapo chilichonse chimene mitu ikuchita, kuti aone chimene chimachitika makina asanafe. Makina anasiya kufa. Anathamanga tsiku lonse ali gwa, ngati ana amene aona mphunzitsi pa windo. Kulembako kunkachedwetsa zinthu pang'ono, ndipo pang'ono pomwepo matenda ankabisala. Atachotsa zolembazo, makina a pakona anagwa asanamalize tiyi. Matenda amanyazi, oopa kuyang'anidwa!

Kenako, chifukwa cha mantha a apongozi kapena kuzizira, anachita chimene amaletsa ena onse. Anaika kulemba mkati mwenimweni mwa pamene mutu umayankhira belu. Tsono kuti mutu ulembe pa sikirini umayenera kutenga kiyi, chifukwa mitu yonse singalembe nthawi imodzi. Belu linapeza mutu wina uli kale ndi kiyi m'manja. Unasiya zonse kukayankha belu, n'kufuna kulemba, n'kuyamba kudikira kiyi. Kiyi amene uli naye iwo womwewo! Ngati munthu wogogoda pa chitseko cha bafa, kudikira kuti wa mkati atuluke, pamene wa mkatiyo ndi iye mwini. Makina anauma pomwepo. Akuti a Dikirani anatukwana mawu amodzi, ndipo mayi wosesa amene anawamva mpaka lero amakana kuwabwereza, amangoti anali aatali.

Mlamu ankangozungulira pakhomo la chipindacho ngati nkhuku yofuna poikira.

"Alamu, zikuyenda?"

"Zikuyenda chobwerera."

"Ine ndinamanga bwinobwino, alamu. Ndikulumbira."

"Musalumbire. Pitani mukadye."

Atatopa ndi kuthamangitsa matenda, anasiya makina n'kubwerera pa desiki. Anatsegula mizere ya kenelo imene imasamutsa ntchito kuchoka pa mutu wina kupita pa wina, pamene mutu uwu walemedwa ndipo uja ukungokhala. Anawerenga mzere ndi mzere, chala pa galasi, milomo ikugwedera ngati munthu wopemphera. Ntchito ikamasamuka, mutu wakale umazimitsa kamita, umapukuta, n'kupereka chiwerengero ku mutu watsopano. Zolondola. Kamita kakadzaza kamaliza belu. Zolondolanso. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, tiyi wachiwiri n'kuzizira pambali pa woyamba. Kenako anachotsa magalasi, n'kuseka okha kaphwete kamodzi. A pa madesiki oyandikana anadzidzimuka, chifukwa ambiri anali asanamvepo.

Madzulo a tsiku lotsatira, dzuwa likadalipo, analowa mu ofesi ya bwana atagwira mlamu pa dzanja la malaya. Pansi pa tebulo la bwana pali kompyuta yaikulu imene anagula kwina, yonyezimira, imene salola munthu kuipukuta n'komwe.

"Bwana, makina awa mlamu wanga anawagwirapo?"

"Angayerekeze?"

"Mwasunga ntchito yanu?"

"Ndasunga. Bwanji?"

"Ndikufuna ndiwaphe."

Bwana anaseka, n'kukankhira mpando kumbuyo. A Dikirani anaikamo kenelo wa pa kampanipo ndi kapulogalamu kamene anali atalemba m'mawa. Ntchito yake inali yopusa: kudumpha kuchoka pa mutu uwu kupita pa uwo osapuma, ngati mwana wosakhazikika m'tchalitchi, kamita katachunidwa kuti kazidzaza msangamsanga.

"Mayi, makina awa chigulireni sanandichititsepo..."

Zii. Pa sikirini panatsala mawu aja: belu lopanda mwini, mwina chitsulo chawonongeka.

Bwana anagwira tayi. Mlamu anagwira pakamwa.

"Palibe chawonongeka," anatero a Dikirani. "Kamita kamadzaza pa nthawi yomweyo imene ntchito ikusamuka. Belu lanyamuka kale, lili m'njira. Pamene likufika, mutu wazimitsa kamita, wapukuta, ntchito yapita kwina. Ukafunsa kuti wandiitana ndani, palibe woyankha. Zili ngati mlendo amene ananyamuka kwawo inu musanasamuke. Akufika, akugogoda, nyumba ili pululu, aneba n'kuyamba kukuwa kuti wakuba."

"Ndiye kampata kameneko n'kotalika bwanji?" anafunsa mlamu.

"Kuwala kwa babu uyu kusanafike pa khoma ilo, katha."

Mlamu anayang'ana babu, anayang'ana khoma, kenako anayang'ana mlamu wake ngati akumuona koyamba. Mayi yemweyu amene amapsereza mpunga! Anagwira ndi manja chinthu chimene palibe diso linachionapo, ndipo anachiitana kuti bwera, chinabwera.

Bwana anachira msanga, monga amachitira mabwana. "Basi, zaphweka. Muuzeni kenelo wanuyo kuti belu lililonse lopanda mwini azingolimeza. Mzere umodzi. Makina apite kwa kasitomala, mlamu wanu akhale, tonse tigone."

"Eya, alamu," mlamu analumphira. "Azingomeza!"

Mzere umodziwo a Dikirani ankaudziwa. Akanaulemba ataima, ndi dzanja limodzi. Makina sakanafanso, apongozi akanawaphikira tiyi, khanda likanapitiriza kumwa mkaka wa m'chitini. Koma belu lomwelo ndi pakamwa pokha pamene makina ali napo ponena kuti ndikudwala.

"Ayi, bwana. Tikatero tawatseka pakamwa. Tsiku limene memori idzawole zoona, adzangopitiriza kugwira ntchito akulemba zabodza, osauza munthu."

"Nanga mukufuna chiyani?"

"Mutu ukamazimitsa kamita uzidziikira kachizindikiro kuti pali belu langa limodzi lingakhale m'njira. Likafika posachedwa, umeze limenelo lokha, n'kufufuta kachizindikiro. Likapanda kufika, kafufutike kokha. Mutu uliwonse kake, osabwerekana, osadikirana kiyi. Belu lina lililonse lopanda mwini, makina aime monga kale."

Bwana anawongola tayi. "Chabwino. Koma timvane. Mukakonza m'njira yanuyo, makina ena n'kufabe, ngakhale amodzi, ndiye kuti ndi chitsulo. Pamenepo sindidzamvanso za alendo ogogoda. Mlamu wanu adzapita."

Potuluka mlamu anawatsatira m'khonde.

"Alamu, mwandiponyeranji m'madzi chingwe chilipo?"

"Munati munamanga bwinobwino."

"Ndinatero, koma munthu ndi munthu."

"Ndiye tiona munthuyo."

Kunyumba apongozi sanalankhule nawo. Ankalankhula ndi mphaka. "Pusi, ena ali ndi sukulu yambiri mpaka mtima unasowa pokhala." Telala anasoka mabatani ambiri sabata imeneyo, ena pa malaya amene anali ndi mabatani kale.

Kukonzako kunali timizere towerengeka, toti ukatiika pa pepala sitingadzaze chikhatho. Anatiwerenga kangapo, anapatsa mnzawo wa pa desiki yoyandikana kuti atiwerengenso, chifukwa kumeneko palibe amaloledwa kudzivomereza yekha, ngakhale a Dikirani. Kenako anaika kenelo watsopano m'makina onse, n'kumasula kapulogalamu kodumpha kaja pa onse nthawi imodzi. Dzulo lake kankapha makina munthu asanamalize chiganizo. Tsopano mashelefu onse anang'ung'udza, timagetsi tobiriwira tikuphethira, mabelu osamveka akulira mkatimo kuposa madontho a mvula pa malata, lililonse likupeza mwini wake. M'mawa unatha. Masana anapita. Mlamu anayamba kumwetulira, mpaka anakagula mabisiketi.

Akutsegula paketi, pa shelefu ya pansi kagetsi kamodzi kanasanduka kofiira.

M'chipindamo munali awiri okha. A Dikirani anayang'ana mawu amene makinawo anasiya. Panalibe ntchito imene imasamuka, panalibe kachizindikiro. Belu ili linali lenileni.

"Tsegulani, alamu."

Mlamu anagwada, anasolola makinawo, anamasula chivindikiro. Timatabwa ta memori timakhala m'mizere, kalikonse kogwidwa ndi timano tiwiri m'mbali, toti ukakanikiza bwino timalira kuti tche. Kathabwa kamodzi kanali katapendekeka pang'ono, dzino la mbali imodzi lili yasa. Anakakhudza ndi chala chachikulu. Tche.

Anakhala chogwada, osadzuka. "Linali tsiku lija mwana anatentha thupi. Ndinkathamangira kuchipatala." Anapukuta mphuno. "Alamu, pano tili awiri. Ndakanikiza kale. Mukayatsa ayenda. Ndani angadziwe?"

A Dikirani anayang'ana mlamu wawo, anayang'ana mabisiketi pansi. Anaganiza za khanda, ndi za chakudya cha m'mawa kwa zaka zonse zimene apongozi atsala nazo, ndipo apongozi ndi a thanzi.

"Ine sindikakunenani," anatero. "Koma akandifunsa sindinama. Ndipo afunsa. Bola mukafike ndinu."

Mlamu ananyamula makinawo m'manja, olemera ngati thumba la simenti, chivindikiro chili chotsegula, n'kukwera nawo masitepe. A Dikirani anali pambuyo atanyamula masikuluwu. Anawaika pa tebulo la bwana, pamwamba pa mapepala.

"Bwana, ena onse ali bwino. Awa ndi ine. Sindinakanikize memori. Ndaona ndekha, ndabwera ndekha."

Bwana anasuzumira mkati, anatsegula pakamwa kuti anene zimene analonjeza. Kenako anafunsa, mwina mosaganiza, "Akanapita chonchi kwa kasitomala, bwenzi zitatani?"

"Ndi kenelo uyu, akanaima n'kunena," anayankha a Dikirani. "Ndi womeza zonse uja, akanayenda miyezi, akusokoneza zinthu za anthu mwakachetechete."

Sananene kuti womeza zonse uja anali nzeru ya ndani. Anangoima, masikuluwu m'manja, akuyang'ana tayi. Mu ofesimo munali anthu awiri amene anafuna chidule sabata imeneyo, ndipo kuchotsa mmodzi kukanafuna kufotokoza za winayo. Bwana anakhosomola, anasuntha mapepala amene sanafunike kusunthidwa.

"Iwe," anatero kwa mlamu, "utsegule makina onse, ngakhale amene ali bwino. Kathabwa kalikonse ukanikize, ndimve tche ndili kuno. Ukamaliza uyambe amene abwere mwezi wa mawa. Tsopano chotsa chinthuchi pa tebulo langa."

Mlamu anatsika masitepe ntchito ili m'manja. Anakanikiza memori mpaka zala zazikulu zonse ziwiri zinatupa, ndipo anafika kunyumba atazitukula m'mwamba ngati munthu wovomereza chilichonse.

Pa chakudya chamadzulo apongozi anamupaka mafuta m'zalamo, akung'ung'udza. "Taonani mwana wanga. Mzere umodzi, ati, mzere umodzi wokha, koma ena anakana. Mitima ina ndi ya chitsulo ngati makina awo omwewo."

"Amayi, akanalemba mzerewo bwenzi..." anayamba mlamu.

"Iwe khala chete, wopanda zala."

Kenako anatenga chipande kugawa nyama. Telala analandira fupa. Mlamu analandira kanthuli. Nthuli yaikulu, ija amaisungira mwana wawo wamng'ono chibadwireni, inagwera m'mbale ya a Dikirani. Onse anaiyang'ana. Apongozi anati dzanja linaterereka ndi mafuta aja, ndipo poti yagwa yagwa, sangaibweze.